Vepu ya M'chikwama cha Mwana wa Akulu Anga

1

Kusukulu ankanditchula Mayi Mphuno. Sankanena pamaso panga, koma dzina lotere silichedwa kumufika mwiniwake, ndipo kunena zoona linkandikomera. Ndinali mphunzitsi woyang'anira mwambo pasekondale pathu kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mphuno yanga inali isanandinamizepo. Ndikadutsa pakhonde la zimbudzi n'kumva kafungo ka mango kapena ka chingamu pamalo oyenera kununkha mkodzo ndi mankhwala okolopera, ndinkadziwa kuti wina wangotulutsa kumene utsi.

Amene simunaionepo vepu, ndi fodya wamagetsi uja. Ina imaoneka ngati cholembera chonenepa, ina ngati kafulashi ka pakompyuta. Munthu amangoika pakamwa n'kukoka, kanyali n'kuyaka, m'kamwa n'kudzaza nthunzi yotsekemera. Siifuna machesi, siisiya phulusa. Ana ankaibisa m'sokosi, m'kamisolo, m'kati mwa mpukutu wa pepala la kuchimbudzi. Mnyamata wina anachita kuboola masamba a buku la mapu n'kuikonzera chipinda chakechake.

Zinkandinyansa zedi. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi akuyamwa kapulasitiki koti kadutsa m'kamwa mwa anzake asanu, wina wa chimfine, wina wa zilonda zapamlomo! Ukalanda n'kuyang'ana poyamwirapo, pali zipsera za mano, malovu ouma ndi mafuta opaka m'milomo. Ndinkagwira ndi zala ziwiri ngati ndanyamula khoswe wakufa.

Ndinali ndi kachitidwe kanga kosasintha. Vepu iliyonse yolandidwa ndinkaimata kapepala komatira n'kulembapo nambala ndi cholembera chofiira. Kenako ndinkaitsekera m'kabati yachitsulo ya mu ofesi yanga, ndipo pakutha pa teremu tinkazimiza zonse m'ndowa ya madzi pamaso pa ana. Makiyi a kabatiyo anali awiri okha, imodzi ya ahedi, ina yanga.

Ndikuuzani zonse, owerenga. Koma mundilole ndifike nazo pang'onopang'ono, chifukwa pali zina zomwe ngakhale cholembera chikukana.

2

Chaka chimenecho kunabwera anthu a zaumoyo ndi mapepala a mafunso. Aliyense ayankhe, ana ndi aphunzitsi omwe, osalemba dzina, n'kuponya pepalalo m'bokosi lomata. Powerenga anandipempha kuti ndithandize, poti ndine mwini nkhani.

Zimene tinapeza zinandiumitsa pakamwa. M'kalasi yomaliza, ya ana makumi asanu ndi awiri, khumi ndi asanu ndi anayi anati analawapo, ndipo khumi ndi mmodzi anati sabata siitha osakoka. M'kalasi yoyamba, tiana tomwe tikuvutika kumanga taye, munapezeka asanu ndi atatu. Koma chondipweteka chinali bokosi la aphunzitsi. Mwa ife makumi awiri ndi anayi, asanu ndi mmodzi anavomera.

Ndinalowa m'chipinda cha aphunzitsi ndili wotentha.

"Asanu ndi mmodzi! Anthu akuluakulu, a ndevu ndi ana kunyumba, kumayamwa kapulasitiki ngati khanda lomera mano. Manyazi mulibe?"

Aphunzitsi a masamu, munthu wosasowa choyankha, anaika kapu yawo ya tiyi pansi.

"Madamu, inetu ndinasiya ndudu chifukwa cha kameneka. Akunyumba anasiya kundigoneka moyang'ana kukhoma. Mukufuna banja langa lithe?"

Anthu anaseka. Ine ayi.

"Ndiye ana akatengera kwa ndani? Mumawaletsa ndi pakamwa pomwepo ponunkha mavwende?"

"Ayi, yanga ndi ya khofi," anatero, n'kuyambiranso kumwa tiyi.

Tsiku lomwelo ahedi anandiitana. Anali mayi wamtali wosakonda kubwereza mawu. Anati komiti ya makolo yagwirizana kuti kuyambira tsopano wogwidwa ndi vepu azichotsedwa sukulu, zakuti wapepesa kapena walira zatha. Anatinso tichite chipikisheni chodzidzimutsa pageti.

"Tsiku musankhe ndinu, koma likhale la ife awiri."

"Lachinayi sabata yamawa," ndinatero. Ndinatuluka mu ofesimo ndikudzimva kuti sukulu yonse yatsamira pa ine.

3

Kunyumba tinkakhala atatu: ine, amuna anga, ndi mwana wa akulu anga.

Mtsikanayu tinkamutchula Dokotala. Dzinali analipata ali ndi zaka zinayi, atamanga mwendo wa mphaka ndi nsanza mpaka mphakayo anathawa pakhomo masiku awiri. Atakula dzina linamukhala, chifukwa ankafunadi udokotala ndipo mutu wake unkagwira. Anali m'kalasi yomaliza, kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti alembe mayeso a boma. Mndandanda womaliza wa olemba mayesowo unkayenera kutumizidwa Lachisanu la sabata yotsatira chipikisheni chija. Dzina likasowa pamndandanda umenewo, mwana amadikira chaka china.

Mayi ake, akulu anga, ndi telala. Amakhala tauni ina, ulendo wa maola awiri pabasi. Ndi amene anandilera makolo athu atamwalira, ndipo yunifolomu yanga yoyamba anasoka okha ndi nsalu yotsala kwa kasitomala. Pobwera kudzamusiya Dokotala anangoti, "Mng'ono wanga, ine ndaona ulusi ndi singano zokha. Uyu aone zina. Ndakupatsa."

Mwanayo sankavuta. Akaweruka ankachapa, kusita, kenako n'kudzitsekera kuchipinda kwake ndi mabuku. Chipindacho chinali chakumapeto, windo lake loyang'ana mpanda wakuseri, ndipo nthawi zonse munkanunkhira mafuta ake odzola.

Amuna anga ndi dalaivala wa kampani. Titangokwatirana ankasuta ndudu paketi yonse patsiku, ndipo ine ndinawakhalira pakhosi zaka zisanu. Ndinkawatchula chumuni pamaso pa alendo. Ndinkawatulutsa panja ngakhale kukugwa mvula, malaya awo n'kumawachapa paokha ngati a wodwala mphere. Anasiya atatsokomola magazi, ndipo kuyambira pamenepo ankauza aliyense kuti, "Moyo wanga anaupulumutsa ndi mayi awa." Ankanena ndi mtima wonse, ine n'kumagwedeza mutu monyadira.

4

Lachinayi lija tinaika matebulo awiri pageti. Ana atangotiona, mzere unayamba kutekeseka. Ena anabwerera m'mbuyo ngati aiwala china, ena anayamba kumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale. Mlonda anatola mavepu anayi m'ngalande, otayidwa mothamanga.

Pofika hafu pasiti seveni tinali titagwira atatu. Mtsikana wina anaibisa m'tsitsi, pansi pa kansalu komangira. Ndinaitulutsa ili yofunda, yamafuta.

Kenako ndinamuona Dokotala pamzere wa tebulo langa, chikwama chili kumsana, akuwerenga tikhadi take ta sayansi. Ndinatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno."

"Ayi madamu," anatero ahedi kuchokera patebulo linalo. "Wachibale wanu ndimusecha ine, anthu angatinene. Bwera kuno mwanawe."

Dokotala anapita akumwetulira. Anatsegula yekha zipi wamkulu, ahedi n'kuyang'ana mabuku, bokosi la zolembera, botolo la madzi. Atatsala pang'ono kumubwezera, analowetsa zala m'kathumba kam'mbali.

Anatulutsa vepu yachikasu.

Wina kumbuyo anaimba kamluzu. Dokotala anayang'ana chinthucho, kenako anayang'ana ine, kukamwa kuli yasa.

Ahedi anaitembenuza m'dzanja. Pambali pake panali kapepala komatira, kodetsedwa ndi zala, ndipo panalembedwa ndi cholembera chofiira: 47.

"Madamu," anatero motsitsa mawu, "izi si zolemba zanu?"

"Ndi zanga," ndinayankha.

5

Mu ofesi ya ahedi tinatsegula kaundula wa zolandidwa. Nambala 47 inalandidwa kwa mnyamata wina mwezi wathawo. Tinapita kukatsegula kabati yanga. Panali 46, panali 48. Loko anali bwinobwino.

"Ndiye nkhani yakula," anatero ahedi. "Uku si kusuta kokha, ndi kuba. Kiyi yanu mumasunga kuti?"

"M'chikwama changa cham'manja."

"Chimene chimagona m'nyumba imodzi ndi mwanayu."

Ahedi anatembenukira kwa Dokotala, yemwe anaima pafupi ndi chitseko manja ali kumbuyo.

"Unatenga kiyi ya mayi ako aang'ono?"

"Ayi, madamu."

"Umasuta?"

"Sindinalawepo."

"Nanga chalowa bwanji m'chikwama mwako? Chili ndi miyendo?"

Mwanayo anakweza maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Kenako anaweramitsa mutu.

"Sindinganene, madamu."

"Sunganene kapena sukudziwa?"

"Sindinganene."

Ahedi anamuuza kuti akhale kunyumba mpaka komiti ya mwambo itakumana Lachiwiri.

Madzulo amuna anga atamva, anakhala pampando nsapato osavula. Ankamukonda mwanayo ngati wawo, m'mawa uliwonse ankamutenga pagalimoto n'kukamusiya pageti.

"Dokotala, iwe? Iwe amene umandiwerengera za mapapo m'buku lako lija? Unaona magazi amene ndinalavula m'beseni, sunaone?"

"Ndinali ndisanabwere, bambo."

"Ndiye funsa mayi akowa akuuze! Mayi awa amadana ndi utsi kuposa njoka, iwe n'kukawabera kiyi? Wawavula pagulu."

Dokotala anangoti, "Pepani," n'kulowa kuchipinda. Ine ndinapita kukhitchini n'kuyamba kutsuka mapoto otsukatsuka kale.

6

Komiti inakumana m'laibulale. Tinali asanu: ahedi, achiwiri awo, makolo awiri ndi ine. Ahedi anandiuza kuti ndikhoza kutuluka poti nkhani ikukhudza wachibale.

Ndikanatuluka. Mpaka lero ndimadzifunsa chimene chinandimata pampando paja.

"Ndikhala," ndinatero. "Pakupha nyani sayang'ana nkhope."

Bambo wina wa komiti, wogulitsa zitsulo zomangira, anandiyang'ana ndi ulemu. Mayi winayo, yemwe ndi namwino, sanakhutire.

"Koma tiyeni tione bwino," anatero namwinoyo. "Mwanayu zaka zinayi sanapalamulepo. Ndi woyamba m'kalasi. Mayeso ndi awa ali pakhomo. Bwanji timulange mwanjira ina, alembe kaye?"

"Atatu enawo tawachotsa dzulo," anayankha achiwiri kwa ahedi. "Tikamusiya uyu, makolo awo atidya amoyo. Adzati poti ndi mwana wa aphunzitsi."

"Enawo sali m'kalasi yomaliza."

"Enawo sanabe."

Anamulowetsa Dokotala. Anavala yunifolomu yosita bwino ngakhale sanali kupita m'kalasi. Namwino uja anamufunsa mofatsa ngati pali mnzake amene anamusungitsa, kapena mnyamata amene akumuteteza.

"Tchula dzina, mwanawe. Dzina limodzi lokha, ubwerera m'kalasi mawa."

Mwanayo anayang'ana shelefu ya mabuku kumbuyo kwanga.

"Palibe mnzanga amene anandisungitsa."

Atatuluka tinakweza manja pa zomuchotsa sukulu. Namwino anakana. Ahedi, poti ndi wapampando, anati aponya pomaliza ngati tafanana. Achiwiri awo anakweza, bambo wa zitsulo anakana, anati mtima wake sukumupatsa. Awiri okana, mmodzi wovomera. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinakweza dzanja. Tinafanana, ndipo ahedi anapuma mozama n'kukweza lawo.

Potuluka bambo wa zitsulo anandigwira chanza ndi manja awiri. "Madamu, ine sindikanatha. Anthu ngati inu atsala ochepa."

7

Akulu anga anafika Lachitatu masana, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anachoka pamakina osasintha n'komwe zovala. Sanalandire madzi, sanakhale pansi.

"Ali kuti?"

Dokotala anatuluka kuchipinda. Mayi ake anamuwomba mbama imodzi yomwe inamveka mpaka kukhitchini. Chibadwire anali asanamumenyepo.

"Ndakhala ndikusoka mpaka maso kuchita chidima kuti iwe uzikayamwa zonyansa? Mng'ono wangayu wakusunga, wakudyetsa, iwe n'kumubera? Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ukudziwa? Anthu akuseka iyeyu, akuseka ine!"

"Akulu, basi," ndinatero. Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono.

"Ayi, usamuikire kumbuyo. Gwada! Gwada upepese kwa mayi ako."

Mwanayo anagwada pasimenti patsogolo panga, tsaya litatupa. Akulu anga anapita kuchipinda kukalongedza katundu wake, tikumva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Pabalaza tinatsala awiri.

"Pepani, amayi aang'ono," anatero mokweza kuti mayi ake amve.

Kenako anasendera pafupi ndi maondo anga n'kunong'ona.

"Ina ija, yobiriwira, ili m'thumba la jekete lanu lakuda. Ndinaiona pochapa Loweruka. Ichotseni amayi asanaione, akufuna kubwereka jeketelo pobwerera, kunja kwazizira."

Anadzuka, n'kupukuta maondo, n'kupita kukathandiza mayi ake kupinda zofunda.

8

Tsopano mwadziwa. Vepu ija inali yanga.

Ndinayamba miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, tsiku lina masana ndikuchonga mayeso mu ofesi. Ndinali nditangolanda ina, ili patebulo. Ndinadziuza kuti msilikali ayenera kumudziwa mdani wake. Ndinapukuta poyamwirapo ndi mkono wa bulauzi, mafuta a m'milomo ya mwana wa eni n'kutsalira pansalu, ndipo ndinakoka. Ndinatsokomola mpaka misozi. Patapita mphindi zochepa mutu unapepuka, mapewa n'kumasuka, mulu wa mapepala uja n'kuoneka waung'ono. Mawa lake ndinakokanso.

Nthawi yonseyo sindinagulepo ngakhale imodzi. Ndikanalowa bwanji m'sitolo, ine Mayi Mphuno, wogulitsayo mwina ndi mwana amene ndinamuphunzitsa? Ndinkatenga m'kabati. Ikatha ndinkaibwezera pamalo pake ndi nambala yake, n'kutenga ina. Pakutha pa teremu ndinkamiza m'ndowa zinthu zoti ndazimaliza ndekha, ana akundiyang'ana mwamantha. Ndayamwa malovu a ana oposa makumi awiri, ena a iwo nditawagwiritsa ntchito yokolopa zimbudzi chifukwa cha chinthu chomwecho. Papepala la anthu a zaumoyo lija ndinachonga kuti ayi. Aphunzitsi osuta sanali asanu ndi mmodzi.

Kunyumba ndinkasutira kuchipinda kwa Dokotala iye akasamba, chifukwa windo lake silioneka ndi munthu ndipo mafuta ake ankabisa fungo. Lachinayi lija m'mawa ndinali momwemo. Amuna anga, omwe ndinkayesa kuti akupukuta galimoto panja, anatsegula chitseko mwadzidzidzi kufuna chochajira foni. Chikwama cha mwana chinali pabedi. Ndinaponya vepu m'kathumba kam'mbali n'kuyamba kukonza pilo.

Anaima pakhomo pomwepo n'kumandiuza za tayala lomwe likutha mpweya. Dokotala anabwera atavala kale, ananyamula chikwama, n'kunyamuka nawo. Sindinade nkhawa kwambiri. Ndinati pageti ndimusecha ndekha, ndiibisa m'dzanja, nkhani yatha.

Kuyambira pageti paja mpaka m'laibulale, mawu anayi okha akanakwana: ndi yanga, si yake. Koma ndikatsegula pakamwa ndinkaona nkhope ya aphunzitsi a masamu, ndinkamva amuna anga akundibwezera dzina la chumuni. Ndinayeza manyazi anga ndi chaka cha mwana, ndipo ndinasankha.

9

Akulu anga ananyamuka naye Lachitatu lomwelo, atavala jekete langa lakuda. Thumba ndinali nditakhuthula.

Kunatsala masiku awiri kuti mndandanda upite. Lachinayi ndinafika pakhomo la ofesi ya ahedi kawiri. Koyamba ndinapeza muli mlendo, mtima n'kuti bwerera. Kachiwiri ndinalowa, n'kufunsa za choko.

Lachisanu masana ahedi anandiitana kuti ndisaine ngati mboni, monga tinkachitira chaka chilichonse. Mayina anali makumi asanu ndi limodzi. Ndinayendetsa chala mpaka pamene dzina lake linkakhala, pakati pa anzake awiri amene ankawathandiza masamu. Ndinasaina. Kalaliki anatumiza ine ndili pomwepo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti chikumbumtima chinandigwira ndipo ndinakaulula ndekha. Bodza limenelo sindinena. Ndinachita kugwidwa.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, amuna anga anati akukaona mnzawo. Ndinalowa kuchipinda kuja, komwe tsopano kunali bedi lopanda zofunda ndi misomali yopanda kanthu kukhoma. Ndinakhala pamatiresi, diresi yakutchalitchi ndisanavule, n'kukoka kawiri. Ndinatsegula windo, ndinabisa vepu m'kamisolo, n'kutuluka. M'kanjira ndinakumana nawo, atabwerera kudzatenga chipewa.

Anandidutsa n'kulowa m'chipindamo. Anaima pakati, n'kukoka mpweya ndi mphuno. Munthu amene anasutapo sanamizidwa.

"Mwana anapita Lachitatu," anatero osatembenuka. "Lero ndi Lamulungu. Fungo ili ndi la lero."

"Mwina latsalira m'makatani."

"Makatani anapita nawo, amayi."

Anatambasula dzanja. Ndinaitulutsa ili yofunda, yonyowa ndi thukuta, n'kuwapatsa. Anawerenga kapepala kofiira kaja. Sanakalipe, sananditchule dzina lililonse. Anandiyang'ana mmene ine ndinkayang'anira ana aja, kenako anapita kubafa n'kukasamba m'manja ndi sopo.

10

Lolemba anandiperekeza okha mpaka mu ofesi ya ahedi, n'kuima pakhomo ngati mlonda. Ndinanena zonse. Ahedi anavula magalasi.

"Munakweza dzanja," anatero. "Ndinakuuzani kuti mutuluke, inu munakweza dzanja."

Anaimba foni ku ofesi ya mayeso ine ndili pomwepo. Anachonderera, analemba kalata, mawa lake anapitako okha. Yankho linali limodzi: mndandanda unatsekedwa Lachisanu, mwanayo adzalembe chaka chamawa. Ine anandiuza kuti ndisiye kiyi patebulo ndipo ndisadzapondenso pasukulupo.

Loweruka ndinakwera basi kupita kwa akulu anga. Amuna anga anali atawaimbira kale. Ndinawapeza pamakina m'kashopu kawo, mapini ali pakamwa. Anandiyang'ana kamodzi, n'kulavulira mapiniwo m'dzanja.

"Ndinamenya mwana wanga chifukwa cha iwe. Ndinamugwaditsa pamapazi ako." Anabwezera nsalu pansi pa singano. "Ndilibe mawu. Ngati uli nawo iwe, ali kuseriko."

Dokotala anali pabenchi kuseri kwa shopu, akusokerera mabatani pamalaya a kasitomala. Ndinakhala kumapeto kwa benchilo. Ndinapepesa, mawu ambirimbiri osathandiza, iye osasiya kusoka. Kenako ndinamufunsa chimene chinkandidya.

"Unkadziwa kuyambira liti?"

"Kalekale. Pilo wanga ankanunkha mango, ine mafuta anga si a mango."

"Nanga bwanji sunanene? Namwino uja anakupempha dzina limodzi lokha."

Anadula ulusi ndi mano.

"Ndimati munena nokha. Ndinu amene munkatiphunzitsa kuti wolakwa azidzitchula yekha. Ndiye ndimadikira. M'laibulale muja ndimadikira. Titabwera kuno ndimadikirabe." Anatola batani lina m'kachitini. "Lachisanu ndinadzuka m'mawa n'kuvala yunifolomu, kuti mukaimba foni ndingothamangira basi. Amayi anandifunsa kuti wavaliranji, ndinati ndikufuna ndione ngati siketi ikufunika kufutukula. Ndinakhala pabenchi pompano, foni ili m'manja. Ndinavula itakwana faifi koloko."

Sanalire, sanandinyoze. Anandifunsa ngati ndikufuna madzi akumwa, poti ndayenda ulendo wautali.

11

Owerenga, papita miyezi inayi. Anzake a Dokotala analemba mayeso, iye akusoka mabatani. Akuti adzalemba chaka chamawa kusukulu ina, koma mayi ake auza amuna anga kuti mabuku aja sanatulukebe m'sutikesi. Akulu anga sayankha foni yanga. Amuna anga tikukhala nyumba imodzi, amandipatsa moni, koma kapu imene ndamwera ine saigwira.

Mukamva kuti ana ambiri akusuta zinthu izi, ndi zoona, ndinawerenga mapepala ndi manja anga. Musakhale ndi mtima woti wanga sangatero. Koma musanakhuthule chikwama cha mwana, dzifunseni kuti mapepala a akuluakulu aja ndi angati amene ananena zoona. Tilipo ambiri, m'maofesi, m'magalimoto oimika kuseri kwa tchalitchi, m'zimbudzi za kuntchito, tikupukusa dzanja kubalalitsa nthunzi ngati ana omwe timawakalipirawo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikagwidwa timakhala ndi wina wamng'ono womukankhira.

Sindikupempha kuti mundimvere chisoni, ineyo ndimadzinyansa mokwanira. Ndayesa kusiya katatu, ndipo sabata yatha ndinalowa m'sitolo koyamba n'kugula yangayanga. Anandigulitsa ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa, ndipo anandifunsa mwaulemu kuti, "Ya kukoma kwanji, madamu?"

Ngati muli ndi mawu amene mwana wina akudikira kuti muwanene, musayembekeze Lolemba. Wanga anakhala pabenchi tsiku lonse atavala yunifolomu, ndipo ine foni ndinali nayo m'thumba.